Mawu Amene Msana Sunawerenge

Kusitolo ya mipando ankamutchula kuti Chitsulo, chifukwa firiji imene anzake ankathandizana kuinyamula iye ankaikweza yekha pamasitepe, uku akuimba mluzu. N'chifukwa chake zimene zinachitika m'bafa mmawa uja sakanauza munthu. Sopo anaterereka n'kugwa pansi, iye n'kuwerama kuti atole, m'chiuno munangoti thyo! ngati wina wamukhoma msomali wamoto. Sopo! Bola ikanakhala kabati. Anatuluka akugwira khoma, n'kukadziponya chafufumimba pabedi.

Mkazi wake analowa maso akuwala. Banja lawo linali likadali lanthete, ndipo anali ndi masewera awoawo: mkazi ankalemba mawu ndi chala pamsana wa mwamuna, mwamuna n'kumawerenga ndi khungu. Sankaphonya. Ngakhale liwu loti "waulesi" ankalizindikira chala chisanafike pakati.

"Gona choncho, usatembenuke," anatero mkaziyo. "Lero ndi mawu aakulu. Pakamwa akundikanika."

Chala chinatera m'munsi mwa msana, pamalo penipeni paja. Thupi lonse linauma gwa. Ankamva kuti chinachake chikuyenda pakhungu, koma kaya chikukwera kaya chikutsika, kaya ndi mzere kaya n'chozungulira, zonse zinasakanikirana ngati choko pabolodi lopukutidwa ndi nsanza yonyowa.

"Wamva?"

Kuyankha kuti ayi kunali kuulula za sopo. "Ndamva," anatero ataluma pilo. Zala zinabwereranso kudzamusisita, ululu n'kuthamangira mpaka m'ntchafu. "Koma izi zisandikhudze panopa, chonde."

Iye ankanena zala. Mkaziyo anachotsa dzanja pang'onopang'ono, n'kutuluka osatseka chitseko.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munalowa ulemu woopsa. "Iwe" anasowa. Kunatsala "madzi anu ndi awa" ndi "mudya kapena ndivundikire?" Kuntchito Chitsulo ananamizira chimfine. M'nyumba ankayenda ngati wasenza beseni lodzaza madzi, ndipo mkazi akangodutsa pafupi, msana unkadzikoka wokha asanaukhudze n'komwe. Mkazi ankaziona zonsezo. Tsiku lina masana anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, yekha, n'kuyamba kupinda madiresi.

"Ndikakhaleko kwa achemwali," anatero osamuyang'ana. "Poti za ine sizikukukhudzani."

Chitsulo anafuna kudzuka pampando kuti alande sutikesiyo. Mutu unati nyamuka, chiuno chinakana. Anagwa chogwada pakati pa chipinda, akulira ngati mwana wobayidwa jakisoni.

"Ndi msana," anatero ali pansi pomwepo.

"Munanyamula chiyani?"

Anayang'ana miyendo ya tebulo. "Sopo."

Mkaziyo sanaseke, ndipo kusasekako kunamupweteka kuposa chiuno. "Valani malaya. Ndikuperekezani kuchipatala, ndikabwera ndizipita."

Dokotala wa mafizo, woona za minofu ndi mafupa, anali mayi wathupi, wa mawu odzaza chipinda. Anamugoneka pa kabedi kokhala ndi bowo loikapo nkhope, moti Chitsulo ankangoona simenti ndi nsapato za mkazi wake, zoloza kukhomo.

"Ndiye chitsulo chapindika ndi sopo?" anaseka dokotalayo. "Musadandaule bambo, wina anabwera kuno ndi kuyetsemula basi. Palibe chathyoka apa." Anatenga kachipangizo ka nsonga ziwiri, konga kampasi ya masamu ya kusukulu. Anagunda nako pamkono. "Nsonga zingati?"

"Ziwiri."

Anagunda m'munsi mwa msana. "Apa?"

"Imodzi."

"Ziwiri, ndipo ndazitalikitsa kwambiri. Lozani pomwe ndagunda."

Chitsulo anapinda mkono n'kuloza motsimikiza.

"Mwaphonya, achimwene. Kumeneko sindinafikeko."

Makutu anamutentha. Msana wakewake, umene unkadyetsa nyumba, sankaudziwanso.

"Si inu nokha," anatero dokotalayo akumukanda pang'ono ndi chikhatho. "Ubongo umasunga chithunzi cha thupi lonse. Pena pakapweteka chonchi, mwa anthu ambiri chithunzi cha pamalopo chimachita chimbuuzi. Ubongo umangomva kuti ngozi, ngozi, n'kuumitsa minofu kuti musasunthe, ngakhale amene akubwerayo ndi wokukondani. Mukamayenda pang'onopang'ono, osangogona, n'kumalola kukhudzidwa, nthawi zambiri ubongowo umayambanso kuona bwino."

Nsapato zija zinatembenuka.

"Adokotala," mawu a mkazi anali aang'ono, "nanga munthu atamulemba mawu ndi chala pamenepo, angawerenge?"

"Pamenepa? Mmene palili lero? Mwina angayese nyerere zikusamuka."

Kenako nkhope ya mkazi inatsika mpaka pafupi ndi khutu lake.

"Ndiye iwe unamva chiyani tsiku lija?"

"Palibe."

"Palibe? Nanga zoti zisakukhudze zinali ziti?"

"Zala," anayankha polankhula ndi simenti. "Zala zako. Zinkandipweteka."

Mkaziyo anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. "Chitsiru iwe! Chitsiru cha mwamuna! Ine ndinalemba kuti BAMBO. Ndili ndi pakati. Masiku onsewa ndakhala ndikudya misozi, ndimvekere wakana mwana wake, chonsecho nkhani ndi sopo!"

"Eee, zafika pamenepa?" anatero dokotala. "Ine ndikaone kaye odwala ena panjapo." Chitseko chinatsekeka.

Chitsulo sanathe kudzutsa nkhope. Misozi inkadutsa pabowo lija n'kumadontha pansi, iye akuiona ikupanga timadontho takuda pasimenti. Mkazi wake anasenza nkhani yotere yekha, akuphika, akuyala pabedi, akumutchula kuti inu, chifukwa iye anaopa kuti amuseka.

"Pepa," anatero. Liwulo linali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi mlandu wake, koma lina analibe.

"Pepa wakoyo ndimuganizira," anayankha mkaziyo akufwenthera. "Kwa achemwali ndinawauza kale kuti ndikubwera. Ukawafotokozera wekha, ndipo za sopo usadumphe."

Chitsulo anapapasa m'mbali mpaka anapeza dzanja lake. Analikoka n'kuliika m'munsi mwa msana, pamalo penipeni. Minofu inadzikoka, ubongo unakuwa kuti ngozi, thukuta linatuluka pachipumi. Iye analipanikiza dzanjalo pomwepo, osalisiya.