Mchombo wa Somto

Nkiruka atamasula thewera la mwana wake Somto, fungo linamuwomba kumaso, la mafinya osakanikirana ndi mankhwala otsukira mano. Mchombo unali utatupa, uli psuu, utapakidwa zoyera mpaka m'mbali.

"Amayi, mwamupaka chiyani mwanayu?"

Mayi ake, amene anabwera ku Enugu kudzachita mwambo wa omugwo, womusamalira iye ndi khandalo, sanadzutse n'komwe mutu pafoni.

"Oo, zimenezo? Apagulu akuti umauma msanga."

"Gulu liti?"

"La azimayi, pa intaneti. Ndinaujambula n'kuponyapo. Taona mayankho ake! Wina akuti oyilo wa jenereta, koma ameneyo ndamukana, sindine chitsiru ine."

Nkiruka anawalanda foniyo. Mchombo wa mwana wake unalidi pamenepo, pakati pa kanema wa kaphikidwe ka msuzi wa egusi ndi mayi wotsatsa mawigi. M'munsi mwake anthu osawadziwa ankangolemba kuti "Ameni". Wina ankafunsa ngati bambo a mwanayo nawonso ndi oyera khungu chomwecho. Mayi omwewa analera ana asanu ndi madzi ofunda ndi manja awo, koma lero ankapempha nzeru kwa munthu wodzitcha Mfumukazi Yodala.

Somto anali atatentha thupi. Nkiruka anamukulunga m'nsalu, n'kutuluka kukaimitsa keke, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, pamsewu.

"Kuchipatala? Iwe nawenso, digiri ija yakuwononga," anatero mayi ake, akudzipanikiza pampando. "Tadikira kaye, pagulupa pali nesi. Akangogula data ayankha."

"Tiyendetseni, bambo," anatero Nkiruka kwa woyendetsa, osawayang'ana mayi akewo.