Chingwe Chimene Ndodo Sinachione

Lolemba m'mawa aphunzitsi anabwerera panjira ali ndi bala pakhosi, malaya ali fumbi lokhalokha. Bambowa ndi osaona, koma kwa zaka zambiri akhala akupita okha kusukulu ndi ndodo yawo yoyera, kudzera m'kanjira ka pakati pa nyumba.

Akazi awo atawaona, mtima unawapweteka. "Basi bambo, ntchitoyi muisiye. Anthu a kuno alibe chisoni. Mudzandifera panjira."

"Ndisiye? Nanga ana a m'kalasi mwanga?" anafunsa aphunzitsi motsitsa mawu. Chakudya cha masana sanachikhudze n'komwe.

Mlangizi wa zaumoyo, wa nyumba yoyandikana nawo, anabwera kudzatsuka balalo. Atamva nkhaniyo anati, "Mayi, kuwatsekera m'nyumba si kuwateteza. Vuto si maso awo, vuto ndi njirayi. Tiyeni tiiyende tonse, iwo atsogole."

Anaitana anthu a m'nyumba zapafupi, ulendo unayambika. Ndodo inagunda mulu wa mchenga. "Wangokhala masiku awiri," anatero mmisiri womanga nyumba, chonsecho pamchengapo panali patamera udzu. Inagundanso njinga ya wagolosale, yogonekedwa mopingasa. Kutsogolo kunali ngalande yosavindikira, imene aliyense ankati ndi ya mnzake.

"Mwaonatu!" anakalipa akazi a aphunzitsi. "Manyazi mulibe?"

"Zonsezi ndodo imandiuza, ngakhale zimanditopetsa," anatero aphunzitsi. "Chimene chinandigwetsa chili m'mwamba, kumene ndodo siifika."

Onse anakweza maso. Chingwe chatsopano choyanikapo zovala chinali chitadutsa kanjirako, ndipo pachingwepo pankalendewera malaya a aphunzitsi omwewo.

Akazi a aphunzitsi anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. "Ndinamanga ndine dzulo, bambo. Sindinaganize."

"Tonsefe sitinaganize, mayi," anatero mlangizi. "N'chifukwa chake tiziwafunsa eni akewo, osati kuwagamulira."

Chingwe chinamasulidwa pomwepo. Mmisiri anasuntha mchenga n'kuumba chivindikiro cha ngalande, wagolosale anapezera njinga yake malo ena. Anapangana kuti wofuna kuika kanthu m'kanjiramo azinena kaye.

Njira yoti munthu wolumala ayende bwino si ntchito ya boma lokha. Ndi udindo wa tonsefe, ndipo imayambira pakhomo pathu.

Lachitatu m'mawa aphunzitsi anatenga ndodo yawo n'kunyamuka okha. Akazi awo anaima pakhomo, akuwayang'ana mpaka anakhota, ndipo sanawaitane kuti abwerere.