Kachomera Kosafuna Madzi

Dorcas atanyamuka kupita kumudzi kukadwazika mayi ake, sanamusiyire Fraser chithunzi kapena mpango. Anamusiyira kamphika kadothi kofanana ndi kapu ya tiyi, kodzaza mchenga ndi timiyala. Pakati pa timiyalato panali tinthu tobiriwira tonga nzama, tothithikana pamodzi. Chomeracho chinali chomwecho basi, chopanda tsinde, chopanda tsamba.

Dorcas ankakonza zipinda pahotela ina ku Al Mirqab, mumzinda wa Doha ku Qatar, ndipo kachomerako anapatsidwa ndi mlendo wa ku Joni amene anakhalitsa pahotelapo. Mlendoyo anati n'kosowa kwambiri, kamamera m'chipululu cha kwawo, ndipo kamasemphana ndi zomera zinzake: kamakula kukazizira, kukatentha kamagona.

"Musakathirire mpaka kuzizire," anatero Dorcas. "Kakafota, kasiyeni. Kakaoneka ngati kafa, kasiyenibe. Chimapha kachomera aka ndi chifundo."

Fraser anali mlonda wa paofesi, mlonda weniweni. Akamuuza kuti pakhomo pasalowe munthu, ngakhale mwini ofesiyo ankayamba wafotokoza kaye. Anaona kuti kamphikako kanali mayeso a ukwati, poti nkhani yotumiza ankhoswe anali ataiyamba kale awiriwa. Akakasunga bwino, Dorcas adzaona yekha kuti mwamunayu angasungenso banja.

Fraser anaika kamphikako pawindo la chipinda chomwe ankagona ndi anzake ku Rawdat Al Khail, pomwe kuwala kumafika koma dzuwa silimenya. Kunja kutayamba kutentha koti munthu sangagwire chitsulo cha geti ndi dzanja, tinzama tija tinachita makwinya, kenako tinauma n'kusanduka makoko onga a anyezi. Kunena zoona, kanafanana ndi zinyalala.

Mdani wamkulu wa kachomerako anali a Jafali, dalaivala wachikulire wogona bedi la pansi, munthu wa mtima wabwino kwambiri. Iwo kwawo ku Mangochi anali asanaonepo mbewu ikulangidwa chotero. Ankati madzi samanidwa ngakhale kwa munthu amene mwayambana naye. Tsiku lina Fraser pobwera kuntchito anawapeza ataweramira pawindo, ketulo ili m'manja, akuti amangokayang'ana. Mawa lake Fraser anagula kadengu kawaya, anavindikira kamphikako, n'kumangirira ndi loko wa sutikesi. Kiyi ankapita naye kuntchito.

Poyamba Dorcas ankalemba tsiku lililonse. Kenako analemba kuti mayi afooka kwambiri, akusowa ndi nthawi yogwira foni yomwe. Atatero anangoti zii.

Fraser anamusowa Dorcas mpaka nsima inasiya kutsika. Ankatenga foni, n'kulemba moni, n'kuyang'ana pawindo, n'kufufuta. Makoko aja anali atamuphunzitsa kuti chinthu chikakhala chete sikuti chafa, ndipo wochisokoneza ndiye amachipha. Anafika poganiza kuti Dorcas, poti ndi mkazi wanzeru, anamusiyira kachomerako dala kuti amve zimenezi. Anadzigwira, ndipo ankanyadira kudzigwirako ngakhale lamba wa yunifomu anachita kuboolanso.

A Jafali anayesa kulowererapo. Anati mkazi amene akudwazika amafunika kumuimbira, kaya kungomuflasha chabe, khalas, basi. Fraser anawayankha mwaulemu kuti iwo ndi omwe aja a ketulo. A Jafali anangotembenukira kukhoma.

Mu Novembala mphepo inasintha. Anthu anayamba kuvala majekete m'mawa podikira basi ya kampani. Fraser anatsegula loko uja pamaso pa chipinda chonse, n'kuthira madzi ndi sipuni m'mbali mwa kamphikako, osakhudza makoko. Sipanachitike kanthu, ndipo mnzawo wina anati pepani. Koma patapita masiku makoko anang'ambika, munatuluka timitu tobiriwira, tonenepa, pomwe panali kamodzi pali tiwiri. Kenako kamutu kena kanatulutsa kaduwa kofiirira kochepa ngati batani la malaya. A Jafali anavala magalasi, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mashallah, Mulungu ali ndi zinthu.

Fraser anajambula kaduwako, anatumiza chithunzi, n'kuimba foni ataimirira, mtima uli m'malo ngati munthu wopereka lipoti la shifiti yopanda vuto.

Dorcas anayankha msanga. Anati kaduwako n'kokongola, wachita bwino. Kenako anati mayi anawaika m'manda mu Ogasiti. Sanakalipe. Anafotokoza mwakachetechete kuti pamaliro ponse foni inali m'chitenje mwake, azakhali ankafunsa kuti mwamuna wa ku Qatar uja wati chiyani, ndipo iye ankati netiweki ikuvuta, mpaka azakhaliwo anasiya kufunsa. Ngakhale supavaiza wake wa kuhotela, munthu wa ku Philippines, anaimba kudzapepesa.

Fraser anakhala pansi pabedi la a Jafali.

"Ndimaona ngati mukufuna ndikusiyeni kaye," anatero. "Ngati kachomera kaja."

"Ine ndimamwa madzi tsiku lililonse, a Fraser," anatero Dorcas.

Anapitiriza kuti ku Doha sabweranso, atsala ndi azing'ono ake, ndipo ankhoswe aja asavutike ndi ulendo. Kachomerako anati akasunge, poti wakadziwa bwino. Anatsanzika mwaulemu ngati akutsanzika kwa mlendo wa pahotela.

Anzake aja, omwe anamva zonse poti chipinda n'chimodzi, aliyense anapeza chochita ndi foni yake. Fraser anali ndi chisoni choti sakanatha kuchinena, ndi manyazi pamwamba pake. Anakhala akuyang'ana kaduwako, komwe kanali katatseguka bwino lomwe, kosadziwa kanthu.

Patapita nthawi a Jafali anadzuka, anatunga madzi m'kapu, n'kumuikira Fraser m'manja. Fraser anapisa chala mumchenga wa m'kamphika muja n'kunena kuti mukadali chinyezi, sikakufunika madzi lero.

"Ndi anu awa," anatero a Jafali. "Imwani."