Mankhwala Ali Kuseri kwa Galasi

"Si awo ali apowo, mwana wanga? Dzina ndikuliwerenga ndili pompano."

Mkazi wa telala analoza ndi chala pazenera la famase ya chipatala. Botolo la mankhwala a mwamuna wake linalipodi, atalimata kale dzina, m'kabati yagalasi yokhoma.

Mtsikana wothandizira pazenerapo anayang'ana pansi. "Ndi omwewo, amayi. Koma amenewa ndi amphamvu, ine sindiloledwa kupereka. Amapereka ndi abwana okha, katswiri wa mankhwala, ndi dzanja lawo."

"Nanga ali kuti?"

"Awaitana mwadzidzidzi, mwana wawo wakomoka kusukulu. Anati abweranso."

Mayiyo anakhala pabenchi n'kumadikira. Anzake a pamzere ankalandira zawo n'kumapita, chifukwa lamulo linkalola mtsikanayo kupereka mankhwala wamba amene abwana anawaona asanatuluke. Zinthu zake zinali zomvetsa chisoni: wachimfine ankatuluka akumwetulira, wa m'mimba naye chimodzimodzi, koma wodwala weniweni ndiye anatsekeredwa kunja.

Telalayo anali ndi khansa ya m'mafupa. Madokotala anali atasiya kale kunena zochira, chotsala chinali kuletsa ululu basi. Dontho lomaliza anamwa m'mawa wa tsikulo. Mayiyo anafuna kubwera dzulo lake, koma bamboyo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Musandisiye lero, mupita mawa." Anamvera, ndipo tsopano mtima unkamuwawa kuti anamvereranji.

Dzuwa litapendeka anabwereranso pazenera.

"Kiyi uli naye, eti?"

"Ali m'dirowa, amayi. Sindikunamizani."

"Ndiye tsegula. Ndisiya foni yanga pano, chiphaso changa, chilichonse. Mawa ndidzawagwadira ndekha abwana akowo."

"Ndikatsegula, ntchito yandithera, ndipo nawonso abwana awalanda chilolezo. Ndili ndi ana, amayi." Mtsikanayo anaimbanso foni, koma ya abwana inali yozima. Kwina konse mankhwalawo sankasunga. "Mwina ndikupatseni oletsa ululu wamba, angogonera?"

"Amenewo anasiya kuwamva kalekale. Kuli ngati kulavulira nyumba ikupsa."

Sanamukalipire. Akanamukalipira bwanji mwana wopanda mlandu? Nthawi yotseka itakwana, mtsikanayo anatsitsa chitsulo cha pazenera akupukuta misozi ndi mkono wa yunifolomu.

"Mudzalawire mawa, amayi. Mudzakhala oyamba."

Kunyumba anapeza mlamu wake atakhala pakhonde, atagwira tsaya. Mlamuyo anangoyang'ana manja a mayiyo, n'kumvetsa. Kuchipinda kunkamveka kubuula kotsika, kwa munthu amene sakufuna kuti anansi amve.

"Mwabwera, mayi?" anafunsa telala, atagona chammbali kuyang'ana makina ake osokera amene anali atavundikiridwa ndi nsalu. "Ndimayesa mwapeza mwamuna wina kumeneko, wa miyendo yabwinobwino."

"Ndani angandifune ine, bambo, ndi imvi zonsezi?"

"Mwabwera nawo?"

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma ataona thukuta pamphumi pa mwamuna wake, anasintha maganizo.

"Ndabwera nawo. Dikirani ndikasambe m'manja."

Anatenga botolo lopanda kanthu limene linali patebulo, nalibisa m'khwapa, n'kupita kukhitchini. Anathiramo madzi ofunda ndi kashuga pang'ono, n'kukhutchumula kuti katsalira ka m'mbali kasungunukiremo. Pa ukwati wawo wonse anali asanamunamizepo munthuyu pa chinthu chachikulu, ndipo anachita manyazi ngati wakuba.

Anamudzutsa pang'ono, mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa pake, namumwetsa ndi supuni. Telala anameza. Lilime linayendayenda m'kamwa. Munthu amene wamwa mankhwala amodzimodzi miyezi yonseyi sangalephere kudziwa kuwawa kwake. Anakweza maso n'kuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

"Munadikira kwambiri kumeneko?"

"Pang'ono."

"Mwadya?"

"Ndidya."

"Kadyeni, mayi. Ayamba kale kugwira amenewa. Ndi abwino kuposa aja."

Anatseka maso n'kuyamba kupuma mwakachetechete ngati munthu amene tulo tikumutenga. Kubuula kunasiya. Mayiyo anatsala pang'ono kukhulupirira, mpaka pamene anawerama kuti amufunditse bulangete. Dzanja la mwamuna wake linali litagwira chitsulo cha bedi, mitsempha ili tototo, zala zitachita kuyera.

Sanapite kukadya. Anakhala pansi pambali pa bedi, namasula zalazo chimodzichimodzi pachitsulopo, n'kuikapo dzanja lake.

"Finyani langali, bambo," anatero.

Telala, maso ali chitsekere, analifinya.