Kawilo ka pa Ndodo ya a Rowland

Amene anamupusitsa Modester si mzungu wa m'sitolo ayi. Ndi mwamuna wake yemwe, malemu a Rowland, ndipo anachita mwayi kumwalira asanayankhe mlandu.

Zaka zonse zimene anakhala ku Rotherham, m'dziko la Mangalande, Loweruka lililonse a Rowland ankanyamula ndodo yawo yowedzera ndi ndowa yabuluu, ulendo wa ku ngalande. Madzulo ankabwera ndi nsomba zonenepa, zonga chambo, zikudontha madzi. Modester ankazipala mamba akuimba nyimbo za kwaya. Kutchalitchi pakamwa sipankatseka: "Ife kwathu sitidya za mufiliji, zofa chaka chatha. Bambo a Fiona amachita kuvuula okha m'madzi." Amayi anzake, makamaka Edwina amene ankagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ankangoti, "Muli ndi mwayi, asisi."

Patatha chaka chimwalirire a Rowland, Modester anaitana anthu kuti adzabwere kunyumba kudzapemphera. Pakamwa pomwe paja ndi pamene panamugwetsa m'mbuna. Anaimirira pamaso pa amayi onse n'kulengeza kuti ndiwo za tsikulo akawedza yekha, ndi ndodo ya malemu. Edwina anatsokomola.

Ndodo inalipo, koma kawilo kake kokulungira chingwe kanali katadyedwa ndi dzimbiri m'shedi, osazunguliranso. Modester anainyamula ndodo ija yonse ndi kutalika kwake, n'kukakamira nayo pakhomo la basi mpaka dalaivala anatsika pampando kudzamuonetsa kuti imaguluka zigawozigawo. Zaka zonsezo akuipukuta fumbi, iye osadziwa.

Mwini sitolo ya zowedzera, nkhalamba ya imvi dzina lake Terence, anangoiona ndodoyo n'kuvula chipewa.

"Iyi ndi ya Rowland."

Modester analibe nthawi ya chisoni. Maso ake anali pa chiwilo chachikulu chonyezimira, chokhala ngati poto wa pamaliro. Anasonkhanitsa Chingerezi chake cha sitandade sikisi. "Ndipatseni icho."

"Chimenecho ndi cha kunyanja yamchere, mayi. N'chokokera nsomba zazitali ngati inuyo."

"Ndiye chomwecho. Kukubwera anthu ambiri."

Terence sanatsutse. Anachimanga pa ndodo n'kumupatsa. Mkono wa Modester unapita pansi ngati wamunyamulitsa njerwa, nsonga ya ndodo n'kukagunda denga. Nkhalamba ija inachimasula, n'kumangapo kena kakang'ono kokwana m'chikhato, kenako inagoneka ndodoyo pa chala cha Modester. Inangogona phee, osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo.

"Mwaona? Ndodo iyi ndi yopyapyala ngati bango. Anaipangira tinsomba tochenjera ta m'ngalande. Imafuna kawilo kopepuka ndi chingwe chowonda ngati tsitsi. Mukamangapo chachikulu chija simudzamva n'komwe nsomba ikamanyambita nyambo."

"Tinsomba? Mwamuna wanga ankagwira zazikulu chonchi!" Anatambasula manja.

"Ankadziwa kuwedza, zimenezo n'zoona. Ndipo pobweza panalibe wofatsa ngati iye. Ankayamba wanyowetsa manja kuti asaisupule khungu."

"Pobweza kuti?"

"M'madzi. Tonse timabweza. Wotenga nsomba kupita nayo kunyumba timamuchotsa m'kalabu yathu."

Modester anayiwala Chingerezi. "Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kugula mphutsi, kukhala pamphepo tsiku lonse, nsomba n'kuigwira, n'kuipepesa, n'kuibweza? Nanga ineyo ndinkadya chiyani?"

Terence sankamva Chichewa, koma funso lomalizalo analimva. Anayang'ana kudenga.

Kawilo kakang'onoko anagula ndithu, chifukwa kutuluka chimanjamanja kukanakhala kuvomereza. Mumtima ankati nkhalamba yanama, azungu amabisirana malo a nsomba. Lachisanu, mawa lake kuli mapemphero, anakakhala m'mbali mwa ngalande atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba, ndowa yabuluu ija ili pambali, Terence atamumangira mbedza ndi kumudulira chiphaso chowedzera. Mphepo inamulowa mpaka m'mafupa. Mphutsi zinkamuyenda m'zala. Dzuwa litapendeka, ndodo inanjenjemera pang'ono, ndipo anamva ndithu, monga ananenera Terence. Anapukusa kawilo, kakuyenda myaa.

Chimene chinatuluka chinali kansomba koyera, ka maso ofiira, kosakwana ngakhale mphaka wodwala. Azibambo achizungu amene anakhala chapatali anamuimikira zala zazikulu ngati wapha njovu.

Anakayang'ana kansombako, nako kakumuyang'ana. "Pita," anatero. "Ukawauze anzako kuti mkazi wa Rowland ndi chitsiru." Katalowa m'madzi ndi pamene anazindikira kuti anayamba wanyowetsa manja. Zimenezo zinamupsetsa mtima koposa.

Pobwerera anatsikira pa sitolo ya Abdul, mnyamata wa ku Machinga amene Amalawi onse amagulako ufa ndi nyemba. Analoza nsomba za mufiliji monong'ona, ngati wogula mankhwala a matenda ochititsa manyazi. Abdul anayang'ana chimene chinali m'manja mwake, nkhope n'kuwala.

"Ndowa imeneyi ndikuidziwa, mayi! Ndithiremo timadzi tofunda ngati kale? Pofika kunyumba zimakhala zitasungunuka bwinobwino. Malemu ankatero."

"Loweruka lililonse?"

"Osaphonya. Nthawi zambiri ankaima pamzere limodzi ndi mayi Edwina, akucheza."

Modester anapereka ndowa. "Thiramo, mwana iwe, ndipo utseke pakamwa."

Tsiku la mapemphero nyumba inadzaza mpaka pa masitepe. Atatha kuimba ndi kutchula zabwino za malemu, mbale zinayenda. Edwina anatsuka mafupa onse, n'kunyambita zala chimodzichimodzi.

"Ya m'ngalande ndi ya m'ngalande basi, asisi. Dzanja lanu ndi la malemu ndithu."

"Ndithu!" anavomera amayi onse, aliyense maso ali m'mbale mwake.

Modester anatenga chipande n'kumuonjezera Edwina mutu wonse wa nsomba. "Idyani, asisi. Ndinavutikira pamphepo." Pamenepo pokha sananame.

Ndodo ili kuseri kwa chitseko, kawilo kake kali pompo, ndipo Loweruka lina amapita nayo ku ngalande kukatukwana tinsomba n'kutibweza. Koma nkhani siinamuchoke pakhosi. A Rowland ankamunamiza chifukwa chomupeputsa, kapena chifukwa chofuna kumumva akuimba popala mamba? Nanga amayi aja, zaka zonsezo kukhala chete, kunali kumumvera chisoni kapena kumusunga kuti azimuseka bwino? Wakufa sayankha. Edwina amangomwetulira. Ndiye mwatsala inu amene mwadya nawo nkhaniyi mpaka kumafupa. Musayang'ane m'mbale. Muyankheni.