Waya wa Sefa ndi Mtengo wa Nimu

Madzi a pamjigo wa m'mudzi mwa a Emelia, kuseri kwa Bangula uko, ndi amchere moti sopo amachita kukana kutulutsa thovu. Ndiye mwana wawo Miracle atawagulira thanki ya madzi a mvula, n'kuwakhomera ngalande ya malata m'mphepete mwa denga, mayiwo anavina pabwalo osaona kuti pali anthu.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Pafupi ndi nyumbayo pali chimtengo cha nimu, nthambi zake zili yangayanga pamwamba pa denga. Masamba ankayoyokera m'ngalande, kuwolera momwemo, mvula ikabwera onse ulendo wa m'thanki. Amene anatafunapo tsamba la nimu akudziwa zomwe ndikunena. Madzi a chaka chonsecho anali owawa ngati ndulu.

"Mtengo uwu upite basi," anatero a Lorenso, amuna a Emelia, atalavula tiyi. "Ndalankhula kale ndi a Goodwell owotcha njerwa aja. Akuti nkhuni zake n'zabwino."

A Emelia mtima unangoti myuu. Kuno dzuwa la Okutobala silicheza ndi munthu, ndipo pansi pa nimu ameneyu ndi pomwe ankapetera mapira, kusoka, ngakhale kugona masana. Anabzala okha atangokwatiwa kumene, akumathirira madzi otsukira mbale. Mtengowo ankaukonda, osati masewera.

"Bambo a Miracle, ndipatseni mvula imodzi yokha. Madzi akawawanso, nkhwangwa ndinola ndine."

"Imodzi yokha," anatero a Lorenso. "Ine zomwa mankhwala a malungo m'mawa uliwonse ndatopa nazo."

Mawa lake a Emelia anakwera kabaza wa kumsika. Nzeru yawo inali iyi: chimene chimaletsa misere kugwera mu ufa chingalephere bwanji tsamba? Anagula waya wa sefa, n'kusankha wa timabowo ting'onoting'ono zedi, poti kwa mayi wosinja sefa yabwino ndi imeneyo. A Antonio okhoma zidebe anamuyala pamwamba pa ngalande yonse, anthu odutsa akufa nako kuseka.

"Mayi, mwayamba kusefa mvula?"

"Muzisekatu, mudzabwera nokha ndi zigubu."

Poyamba zinkaoneka kuyenda. Masamba ankagwa, kuuma pawayapo, mphepo n'kuwauluza, a Emelia n'kumayang'ana amuna awo ndi diso lakumbali. Chimene sankachiona ali pansi ndi fumbi ndi timaluwa toyera ta nimu tomwe tinamatirira m'timabowo muja, zitosi za mbalame n'kumalizitsa ntchito.

Mvula yoyamba inabwera masana, mphepo patsogolo, kenako chimvula chenicheni chosamvana polankhula. Madzi anatsika pamalata, kufika pawaya paja, n'kungodumpha ngalande yonse, khwaa pansi! M'thanki simunalowe ngakhale dontho.

"Mayo ine, mtengo wanga!"

A Emelia anamangirira tsache kunsungwi n'kuthamangira pamvula pomwepo. Koma mayiwo ndi aafupi, abale, tsache silinkafika. Ankadumpha, kutera m'matope, kudumphanso, dzanja lina litagwira chitenje. A Lorenso ali pakhonde anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako anayang'anitsitsa, n'kuona kuti zimene zikutsika pamasaya a akazi awo si mvula yokha. Anachita manyazi, kuseka konse kunathera pompo.

Anavula malaya n'kutulutsa makwerero. "Gwirani apa, amake Miracle. Mukandigwetsa, wamasiye ndinu."

Anakwera, n'kuyamba kukwecha waya uja ndi tsache, kuchokera uku mpaka uko, akutukwana mbalame zonse za m'Nsanje. Chimatope chakuda chinayamba kutsika m'payipi. A Emelia anasiya makwerero kaye, bamboyo akukuwa kumwamba, n'kukachotsa payipiyo pakamwa pa thanki kuti zonyansazo zitayikire pansi. Madzi atayera anaibwezera. Thanki inayamba kulira m'kati kuti ndundundu, awiriwo n'kumasekana, onse atanyowa ngati nkhuku.

M'mawa mwake a Goodwell anatulukira, nkhwangwa ili paphewa, poti anamva kuti madzi a dzulo ankadumpha ngalande. Anapeza a Lorenso atakhala pansi pa nimu akuyetsemula.

"Tiyambire nthambi iti, akulu?"

"Lawani kaye aka," anatero a Lorenso, akuwapatsa kapu ya madzi a m'thanki. "Ine chimfine chanditseka, sindikumva kukoma kulikonse."

A Emelia anaima pakhomo, maso ali pakapupo. A Goodwell anamwa pang'ono, kutafuna pakamwa, n'kugugudiza kapu yonse.

"Pyadidi, abwino zedi! Awa ndiye madzi, osati zamchere timamwa ife zija."

"Ndiye njerwa zanu mukaotchere zina," anatero a Lorenso. "Waya uyu ndizimusesa ndekha mitambo ikamada. Mtengowu ngwa amake Miracle."

Nthungululu ya a Emelia inamveka mpaka kumsewu. A Goodwell anadandaula kuti awayendetsa ulendo wachabe dzuwa lonseli, ndiye awapatseko kapu ina ndi mpando apumeko pang'ono. Anakhala pamthunzipo mpaka dzuwa kupendeka, nkhwangwa ili pansi pa mpando.