Akichueta ya Galimoto ya Bwana

Kanthu kake n'kakang'ono ngati sopo wosambira. Amakaniko amakatcha akichueta. Kamakhala pambali pa manifodi, chipaipi chogawa mpweya, n'kumatsegula ndi kutseka timazenera tolowetsa mpweya mu injini. Kanthuka katafa, galimoto ya bwana inayamba kutsokomola, ndipo pachitunda inkachita kukwawa.

Ndawayendetsa bwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, m'galimoto yomweyi. Pa nthawi yake inali galimoto, mipando yachikopa, alonda a pageti ankaichitira sawasha asanaone n'komwe amene wakwera. Lero bwana anakalamba, amangotuluka popita kuchipatala, ndipo za pakhomo amayendetsa ndi mwana wawo wamkazi.

"Bambo dalaivala," anandiuza mwanayo, "mukapanda kukapeza kotchipa mwezi uno, galimotoyi ichoka. Adadi azikwera takisi."

Za ine sananene. Koma dalaivala wopanda galimoto n'chiyani? Pa msinkhu wangawu, maso ofuna magalasi, palibe angandilembe ntchito kwina.

Ndinayambira kusitolo ya kampani yogulitsa galimoto za mtunduwu. Mayi wa pakauntala anagogodagogoda kompyuta, n'kundiuza kuti akichueta payokha sagulitsa, pamafunika kugula manifodi yonse, ndipo mtengo wake unkaposa wa galimoto yeniyeniyo. Ndinamuthokoza, sindikudziwa chimene ndinkathokoza. Mlamu wanga anandiitanitsira ina yotchipa pa intaneti. Inafika patatha milungu iwiri, yonyezimira bwino, koma pulagi yake inali ya mano atatu pamene yathu ndi ya mano asanu. Makaniko anaitembenuza uku ndi uku, n'kuphulika nako kuseka.

"Akulu, iyi kaikeni pashelefu izikongoletsa nyumba. Bwanji tingomanga ndi waya, tizimitse kanyali kochenjeza ka padashibodi?"

Ndinakana. Galimoto yonyamula wodwala siimangidwa ndi waya ngati khola la nkhuku. Pano ndimadzifunsa kuti kudzikuza kumeneko kunandipindulira chiyani.

Basi ndinalowa m'mayadi ophwasula magalimoto. Ndinayenda mpaka nsapato inaseka kutsogolo, ndipo kulikonse yankho linali lomwelo: "Mtundu umenewo, madala? Unatha kalekale." Payadi yomaliza, kuseri kwa fakitale ya matumba, ndinapeza mwini wake, bambo wa mimba yaikulu amene anthu amangomutcha Sipanala. Uyu yekha anandipatsa mpando. Anafunsa chaka cha galimoto, makilomita ake, ngati giyabokosi ili bwino, ngati chikopa sichinang'ambike. Ine pakamwa yasa, kuitamanda ngati mwana wanga wakhoza mayeso. Ndinamulembera ndi adiresi yomwe, kuti akapeza akichuetayo adzangobweretsa kunyumba.

Lolemba m'mawa, mwezi usanathe n'komwe, mwana wa bwana anandituma kukaima pamzere wa mankhwala kuchipatala. Chakumasana foni inalira. Anali makaniko uja.

"Akulu, ndamva kuti kwa Sipanala kwalowa galimoto ya mtundu wanu. Thamangani ena asanakutsogolereni!"

Mzere ndinausiya pomwepo. Ndinathamanga kuposa mmene ndinathamangirapo chikalambire. Ndinaipeza itakwezedwa panjerwa, matayala atachotsedwa kale, zitseko ziwiri zitatsamira mpanda. Ndisaname, ndinasangalala. Ndinafika poombera m'manja. Kenako ndinazungulira kumbuyo n'kuwerenga nambala, ndipo inali ya galimoto ya bwana.

Sipanala anatuluka m'kashedi kake akupukuta manja.

"Musandiyang'ane choncho, madala. Munanena nokha kuti ndi yabwino, ine ndinangopita kukaona. Mwana wa bwana wanu uja sanavute n'komwe." Anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. "Chilichonse mungafune apa ndikutsitsirani mtengo. Kupatula akichueta, ija ndi yakufa."

Ndinakhala pa tayala lina, ndikuyang'ana amuna awiri akumasula mpando wanga n'kuuika padothi.

"Komanso," anatero Sipanala, atatambasula dzanja, "akuti kiyi winayo muli naye ndinu."

Ndinapisa m'thumba n'kumupatsa.